Gemu yokhululuka ndi gemu yosakhululuka

Iyi ndi yaitali monga mwa nthawi zonse, koma mulibe chithunzi kapena vidiyo, ndiye bandulo yanu sikhudzidwa.

Mkangano uja wa magemu a galimoto wafika poti anthu ayamba kutulukira mu gulupu, ndiye ndati ndiike maganizo anga pamodzi. Mbali ina ikuti Need for Speed ndiye gemu, zinazo ndi sukulu ya driving yopanda laisensi. Mbali inayo ikuti Need for Speed ndi katuni ya ana, munthu wamkulu amasewera simulator. Ine ndasewera mitundu yonse iwiri pa laputopu yakale imene msuweni wanga anandisiyira atabwera kuchokera ku Joni, ndipo ndikuona kuti tikukangana pa zinthu zazing'ono. Tikulimbana za kuwala kwa zithunzi ndi mayina a magalimoto, pomwe kusiyana kwenikweni kuli pa chinthu chimodzi: gemuyo imakuchita chiyani ukalakwitsa. Ndipo nkhaniyi ikutikhudza kuposa momwe tikuganizira, chifukwa mu gulupu muno theka la anthu ali pa kabaza wa njinga yamoto, ena akusunga ndalama za laisensi.

Tiyambe ndi imene tonse tinakulira. Need for Speed: Most Wanted inatuluka mu 2005, ya kampani ya Electronic Arts. Amene anaisewera akukumbukira BMW M3 GTR ija ya mizere yabuluu, Razor amene amakulanda galimotoyo mwachinyengo, mndandanda wa Blacklist wa anthu 15 oti uwagonjetse mmodzimmodzi, ndi apolisi a mu mzinda wa Rockport. Isanabwere imeneyi kunali Underground 2 ya 2004, yomwe timathera ola lathunthu tikungosankha marimu ndi magetsi a pansi pa galimoto. Ena munayambira pa Asphalt 8 ya Gameloft ya 2013, yomwe ili pa foni komanso pa kompyuta. Magemu amenewa azungu amawatchula kuti arcade, ndipo anapangidwa kuti munthu amene sanagwirepo chiwongolero akhale pansi, pakatha mphindi ziwiri azimva ngati katswiri.

Kuti zimenezi zitheke, gemuyo imakukhululukira pafupifupi chilichonse. Ukalowa pa kona ndi liwiro lopitirira 200 n'kuwomba chipupa, galimoto imangokhula n'kupitiriza ulendo. Ukawomba basi, galasi limasweka koma injini ili bwinobwino. Ukatsalira, pali nitro. Mu Most Wanted muli batani la Speedbreaker lomwe limachedwetsa nthawi kuti ukhote bwino. Palinso china chimene ambiri sadziwa, chomwe amachitcha rubber banding, kutanthauza ngati mwamangidwa ndi mphira: ukatsogola kwambiri, magalimoto a kompyuta amapatsidwa liwiro kuti akupeze, ukatsalira kwambiri amakudikira pang'ono. Mpikisano uja umathera pamzere mtima uli m'mwamba, ndiye kuti anaukonza dala kuti uthe choncho.

Ine sindikuona cholakwa pamenepo. Magemu amenewa ndi amene amagwirizana ndi moyo wathu. Most Wanted imalowa pa fulashi yaing'ono, imayenda pa kompyuta yotopa, ndipo mabatani anayi a pa kiyibodi ndi okwanira. Pa shopu pamene mukulipira nthawi, anthu asanu akudikira kumbuyo kwako, magetsi osadziwika kuti azima nthawi yanji, palibe amene akufuna kuthera mphindi 20 akuphunzira kona imodzi. Ukufuna kuseka, kukuwa, kutukwanizana mwachibwana ndi mnzako, kenako kupereka mpando. Forza Horizon 5 ya 2021, imene anaiika ku Mexico, ndi yokongola zedi, koma imafuna malo opitirira 100GB ndi kompyuta yamphamvu. Kuno tinganene kuti imeneyo timaionera pa YouTube basi.

Tsopano za simulator. Mayina amene amatchulidwa kwambiri pa kompyuta ndi Assetto Corsa ya 2014, yopangidwa ndi kampani ya ku Italy ya Kunos Simulazioni, iRacing yomwe inayamba mu 2008, Dirt Rally 2.0 ya Codemasters ya 2019, ndi yakale ija ya Richard Burns Rally ya 2004 imene mpaka lero anthu amailemekeza chifukwa cha nkhanza zake. Magemu amenewa cholinga chawo n'kuwerengera zimene galimoto yeniyeni ingachite. Amawerengera kulemera kwa galimoto, momwe kulemerako kumathamangira kutsogolo ukaponda buleki ndi kubwerera kumbuyo ukaponda moto, kutentha kwa matayala, ndi mphamvu imene tayala lili nayo yogwira msewu.

Mfundo yaikulu ya simulator ndi iyi: tayala lili ndi mphamvu yogwira msewu yowerengeka, ndipo mphamvu imodzi yomweyo ndi imene umagwiritsa ntchito poima komanso pokhota. Ukaithera yonse pa buleki, yokhotera palibe. N'chifukwa chake aliyense wochokera ku Need for Speed akakhala pa Assetto Corsa koyamba, chimachitika ndi chimodzi. Amafika pa kona yoyamba ali pa moto, amaponda buleki mochedwa, amapinda chiwongolero, galimoto n'kumangopita kutsogolo ngati sinamve. Amadzuka n'kunena kuti gemuyi ndi yowonongeka. Gemuyo ndi yabwinobwino, yangokana kumunamiza.

Apa ndi pamene ndimadabwa nafe ana a asodzi, chifukwa zimenezi timazidziwa kale kuposa ana a m'tauni. Bwato lilibe buleki. Bambo anga asodza pa Chilwa moyo wawo wonse, ndipo mwana aliyense amene anakwera nawo anaphunzira kuti boti lopanda kanthu ndi boti lodzaza matemba ndi khoka lonyowa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Lopanda kanthu umalitembenuza ndi nkhafi kamodzi. Lodzaza umayamba kuliganizira doko likadali kutali, umaleka kupalasa msanga, umalisiya kuti lidzithere lokha mphamvu, ndipo ukafuna kukhota umayamba usanafike pokhotera. Mphepo ikakhala kumbuyo, umayambanso msanga kuposa pamenepo. Bambo amati katundu ali ndi maganizo ake, ukamuyambitsa ulendo safuna kuima chifukwa choti iwe wasintha mtima. Mawu amenewo ndiwo phunziro lonse la simulator. Azungu anangowaika mu kompyuta.

Ndiike masamu pang'ono, a Fomu 3 omwe aja, musathawe. Galimoto kapena njinga yoyenda pa liwiro la makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 22 pa sekondi imodzi. Kutanthauza kuti mbuzi ikatulukira, sekondi imene maso akuuza ubongo ndipo ubongo ukuuza phazi, wayenda kale mamita 22 usanakhudze n'komwe buleki. Chachiwiri, mtunda woimira sukwera mofanana ndi liwiro. Ukawirikiza liwiro kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Amene akuyenda pa 80 amafuna malo oimira ochuluka kanayi kuposa amene ali pa 40. Onjezani mchenga umene mvula imakokolera pa phula, onjezani matayala osalala, onjezani matumba awiri a makumba ouma kumbuyo ndi mayi wa geni pamwamba pake. Mu Need for Speed masamu amenewa anawachotsamo dala kuti gemu ikome. Mu simulator ndiwo gemuyo.

Ndisamveke molakwika. Sindikunena kuti ngozi za kabaza pa msewu wa Liwonde kudzera pa Nsanama mpaka ku Ntaja zimabwera chifukwa cha magemu. Ambiri amene akugwa sanagwirepo kiyibodi. Zifukwa zake tonse tikuzidziwa: munthu amaphunzira njinga Loweruka pa bwalo la mpira, Lolemba wanyamula kale anthu, chipewa palibe, kapena chilipo chimodzi chopachika pa handulo, mwini njinga akufuna ndalama yake ya tsiku zivute zitani, anthu atatu pa mpando wa awiri, ndi timabotolo tija ta m'thumba. Gemu ilibe mlandu pa zimenezo. Chimene ndikunena n'chakuti chinthu chimene umachita maola ambiri chimaphunzitsa diso lako poyang'ana. Wa arcade amayang'ana kampata koti alowepo. Wa simulator amayang'ana patali, kufunafuna pamene ayambire kuchepetsa liwiro. Mukakwera kumbuyo kwa munthu, mumafuna akhale ndi diso liti?

Amene mumatsika kuchokera ku Machinga boma kulowera ku Liwonde mukudziwa momwe madalaivala akale a malole amachitira. Amalowetsa giya yaing'ono mtsetse usanayambe, lole n'kumalira pang'onopang'ono, ana a minibasi akuliza hutala kumbuyo. Amachita zimenezi chifukwa mabuleki akapondedwa nthawi yaitali amatentha n'kusiya kugwira. Munthu ameneyo akudziwa kuti chisankho chachikulu amachipanga asanafike pa vuto. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika, ndipo pa mtsetse mwambiwu umaoneka ndi maso.

Tsopano a Need for Speed ali ndi mfundo imodzi yolimba, ndipo tiivomereze: simulator ndi gemu ya anthu a ndalama. Kuti uimve bwino umafunika chiwongolero chokhala ndi mota mkati chimene chimakukankha m'manja tayala likayamba kutsetsereka. Chodziwika kwambiri ndi Logitech G29, chomwe chinatuluka mu 2015, chimazungulira madigiri 900 ndipo chimabwera ndi mapedulo atatu. Mtengo wake kunja ndi madola opitirira 200, usanawerengere zonyamulira ndi msonkho. Sinthani nokha mu makwacha muone kuti ndi mabigili angati a matemba. iRacing ndiye yoposa: umalipira mwezi uliwonse, magalimoto ambiri ndi misewu umagula padera, ndipo imafuna intaneti yosadukaduka chifukwa ukupikisana ndi anthu enieni. Kugula gemu pa Steam kumafuna khadi la ku banki lotha kulipira kunja, ndipo nkhani ya ndalama zakunja m'dziko muno simufunika kuti ndikuuzeni. Munthu wa ku Namanja amene amatchaja foni pa sola ya mnzake, kumuuza kuti agule zonsezi ndi chipongwe.

Koma khomo silinatsekeke lonse. Pali gemu yotchedwa Live for Speed, osati Need, imene anthu atatu okha akhala akuipanga kuyambira 2002. Ndi yopepuka, imayenda pa kompyuta zakale, ndipo ili ndi gawo laulere lokhala ndi msewu wa Blackwood ndi magalimoto ochepa. Ubwino wake imalola kuwongolera ndi mouse. Kiyibodi vuto lake ndi loti batani limadziwa zinthu ziwiri zokha, kudinidwa kapena kusadinidwa, ndiye chiwongolero chimapita konse kapena sichipita. Mouse imakulola kukhota pang'ono, ndipo kukhota pang'ono ndiye kuyendetsa. Zithunzi zake n'zosakongola, mulibe nyimbo za rap, mulibe apolisi. Koma kagalimoto kakang'ono ka mmenemo kakuphunzitsani zambiri za buleki kuposa BMW ya Razor.

Inanso ndi Euro Truck Simulator 2 ya 2012, yopangidwa ndi SCS Software ya ku Prague, ku Czech Republic. Ena mukana kuti imeneyi si ya mpikisano, ndipo n'zoona, koma ili m'banja la simulator ndipo kwa ife ndi imene ili pafupi ndi ntchito yeniyeni. Umanyamula katundu kuchoka mzinda wina kupita wina. Ukathamangitsa amakulipiritsa, ukadutsa loboti yofiira amakulipiritsa, ukawononga katundu amakudula malipiro, mafuta amatha, dalaivala amatopa n'kufuna kugona. Pomaliza umayenera kulowetsa ngolo chafutambuyo pa malo opapatiza, ndipo pamenepo ndi pamene umaphunzira kuti ngolo imapita mbali yosiyana ndi kumene wapinda chiwongolero. Ndi angati mwa ife amene timaima pa Chingeni kapena pa mlatho wa Kamuzu Barrage n'kumasirira mathiraki a ku Beira, Nacala ndi Durban? Amene ali ndi maloto amenewo, maola ake angapindule kwambiri mu gemu imeneyi. Langizo langa: sankhani thiraki ya chiwongolero cha kumanja ndipo muziyenda misewu ya ku UK, chifukwa kumeneko amayenda kumanzere ngati kuno. Mizinda ya mu Need for Speed ndi ya ku America, amayenda kumanja.

A simulator musayambe kuvina, tsopano ndi nthawi yanu. Mumakonda kutchula Max Verstappen, katswiri wa Formula 1 amene amapikisana pa iRacing. Mumatchulanso Jann Mardenborough, mnyamata wa ku Britain amene anapambana mpikisano wa GT Academy mu 2011 kudzera mu gemu ya Gran Turismo, n'kukhala dalaivala weniweni wa Nissan, mpaka kukhala wachitatu m'gulu lake pa mpikisano wa maola 24 wa Le Mans mu 2013. Filimu ya moyo wake inatuluka mu 2023, ena munaionera. Zonsezo n'zoona, ngakhale Gran Turismo ndi ya PlayStation, si ya kompyuta. Koma nenaninso mbali inayo. Atapambana gemuyo sanangomupatsa makiyi, anamuphunzitsa miyezi pa magalimoto enieni ndi aphunzitsi enieni kuti apeze laisensi ya mpikisano. Verstappen naye anayamba kuyendetsa timagalimoto ta kart ali kamwana, bambo ake Jos Verstappen anali dalaivala wa Formula 1. Ndipo mu March 2015, pa msewu wa Nürburgring ku Germany, galimoto ya Mardenborough inanyamuka m'mwamba n'kudumpha mpanda, munthu mmodzi woonerera anamwalira. Pamenepo panalibe batani lobwerezera.

Ndiye kunena zoona, simulator nayo imakhululuka, kungoti imakhululuka mochedwerapo. Ukawomba chipupa pa Assetto Corsa mpikisano wako watha, koma iwe uli pa mpando womwewo, miyendo yonse iwiri ilipo, udina restart. Simulator sikupatsa mantha. Simva m'chiuno momwe njinga imaterera pa mchenga. Misewu yake ndi yosesedwa, onse akupita mbali imodzi. Mulibe mwana wa sukulu wothamangira mpira, mulibe ngolo ya ng'ombe yopanda nyali, mulibe wa njinga yakapalasa wonyamula matumba atatu a makala, mulibe dzenje lobisika ndi madzi a mvula, mulibe tsiku la msika pa Ulongwe pamene msewu umasanduka bwalo. Munthu amene akuganiza kuti maola 300 a pa laputopu amupatsa ufulu wotenga galimoto ya achimwene ake popanda kupita ku sukulu ya driving ndi kukayesedwa ku Road Traffic, ameneyo ndi woopsa kuposa wa Need for Speed, chifukwa wa Need for Speed amadziwa kuti akusewera.

Ndiye ine ndaima apa. Arcade imanama poyera, ndipo ukadziwa kuti ikunama palibe vuto, ili ngati filimu ya karate ya pa video show: umasangalala, koma sutuluka n'kukamenya chipupa. Simulator imanena zoona pa nkhani ya matayala, kulemera ndi liwiro, koma imakhala chete pa nkhani ya thupi lako ndi anthu ena a pamsewu. Amene akufuna kupumula atatopa ndi kuyanika nsomba tsiku lonse, asewere Most Wanted ndipo asachite manyazi. Amene akudya za pa handulo kapena akulota thiraki, apatule ola limodzi pa sabata pa gemu yosakhululuka, aphunzire kuponda buleki msanga pamalo pamene kulakwitsa sikudula mwendo. Kutukwanizana chifukwa cha zimenezi ndiye kulibe phindu, chifukwa laputopu ndi imodzi yomweyo ndipo magemu onse awiri amakwanamo.

Kuti tisamangolankhula, ndili ndi ganizo. Loweruka likubwerali masana, magetsi akakhalapo, tikumane pa Liwonde pamalo pathu paja, ndibwera ndi laputopu ndi mouse. Tiyamba ndi Most Wanted kuti a arcade aonetse ukatswiri wawo, aliyense mpikisano umodzi. Kenako Live for Speed pa Blackwood, galimoto imodzi yomweyo kwa aliyense, kuzungulira kasanu. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndiye amene sanaisewerepo tiwapatsa mphindi khumi zoyeserera. Lamulo ndi limodzi: restart palibe. Ukatuluka mu msewu kapena kuwomba chipupa, wadzuka, wapereka mpando, wadikira sabata ya mawa. Wopambana si wothamanga kwambiri kamodzi, ndi amene wamaliza kasanu konse ndi nthawi yabwino galimoto ili yathunthu. Ndikufuna tione amene amakuwa kwambiri mu gulupu muno ngati afike n'kachiwiri komwe.

A kabaza mubwere ndi zipewa zanu, za pa njinga zenizenizo, chifukwa pobwerera mudutsa msewu umene ulibe batani lililonse. Tumizirani anzanu a ku Nayuchi, a ku Chiuta ndi a pa Mangochi Turn-off, ndipo amene ali ndi mouse ina yabwino abweretse, yangayi batani lakumanja limachita zake.